Mpanda wa Waya pa Dimba la Teleza

Gulu: Kwathu kwa Khwethemule
Alipo: Elson, Hazel, Lackson

LOLEMBA

Hazel 09:12
nde a Swaibu a pa shop aja afika nawo waya uja ababa? anati anyamuka pa Khonjeni mmawa

Elson 09:40
Afika.

Hazel 09:41
ma roll onse awiri? ndi misomali yake?

Elson 09:58
Zonse.

Hazel 09:59
ababa foniyi ndinakugulirani kuti tizicheza osati muzindiponyera liwu limodzilimodzi ngati mukudyetsa nkhuku kkkk

Elson 10:31
[chithunzi: mabedi a mpiru atadyedwa mpaka pa tsinde, matimati atafukulidwa]

Hazel 10:32
mayo ine. dimba la amayi limeneli??

Elson 10:44
Masana mbuzi. Kukada nungu. Latsala bedi limodzi la mbewu.

Hazel 10:45
mpiru uja amayi samalola ngakhale kuthyola tsamba? tchingani plz, akanakhala moyo bwenzi atakomoka

Lackson 13:05
[mawu, 1:20]
Alamu, mwaswera bwanji. Ine ndaona njinga yamoto ikutsetsereka kudimba itasenza waya ngati ikukatchinga bwalo la ndege. Kodi nkhani imeneyi inadzera pati? Teleza anali mlongo wanga, mwini mbumba ndine, koma ndikumvera kwa anthu odutsa. Doris wabwera pano chitenje atamanga m'chiuno. Akuti dimba lija ndi la agogo athu, linali m'manja mwa mkulu wake Teleza, ndipo mkamwini samanga mpanda pa nthaka ya kuchikazi. Ukanakhala wa udzu tikanangoti uwola wokha. Koma waya, alamu? Waya amanena kuti pano ndi panga. Ndiye mwasankha sabata yomwe ino, mukudziwa kuti Loweruka mbumba ikukhala pansi pa nkhani yokusudzulani.

Hazel 13:11
kusudzula?? loweruka lomweli? amalume bwanji ine sindinauzidwe

Lackson 13:19
Hezo mwanangu chaka chakwana chimwalirire mayi ako. Mwambo ndi womwewo, timamasula bambo ako, abwerere kwawo kwa Mphuka, pokhapokha mbumba itati atsale. Ambiri mtima unali woti atsale. Waya ameneyu ndi amene wavundula madzi.

Hazel 13:20
akhala pamudzipo ine ndisanabadwe. kwa Mphuka akamudziwa ndani panopa

Hazel 13:34
ababa yankhulani

Elson 14:02
Mbuzi zikudya ndiwo.

Lackson 14:04
Mbuzi za ndani?

Elson 14:15
Zanu.

Elson 14:16
Ndi za a Doris.

Hazel 14:16
eish

LACHIWIRI

Hazel 07:20
ababa ndaganiza bwino. imani kaye mpaka loweruka lidutse. waya sawola. mayi aang'ono a Doris mtima ukatsika nde mupitirize

Hazel 08:50
mwawerenga ndikuona ma tick

Elson 09:30
Nungu sadziwa Loweruka.

Hazel 09:31
mxm ababa inu

Lackson 11:47
[mawu, 0:58]
Hezo, ndikukuuza iwe chifukwa bambo akowa kulankhula nawo kuli ngati kufunsa njira kwa chulu. Ndinapita kuti ndikawaletse. Ndawapeza adula kale bulugamu, asenda makungwa, akuwaula matsinde pamoto kuti chiswe chisadye. Akokera chingwe kuchokera pa mkuyu mpaka kumtsinje, mizati yaima mzere umodzi ngati ana a sukulu pa asembule. Ndati alamu, ndabwera ndi mawu. Akuti gwirani apa. Ndagwira. Asinja dothi ndi munsi wa Teleza, mzati uli nji. Akuti gwiraninso apa. Pomwe ndimazindikira ndagwira mizati inayi, mawu anga sindinanene.

Hazel 11:52
kkkkkk amalume nde mwakhala waganyu

Lackson 11:55
Usaseke. Doris wandiona ali pamtunda. Akuti mwini mbumba wagulidwa. Akuti Loweruka mpandawo uzulidwa, mwini wake azinyamuka nawo.

Hazel 11:56
ababa mukumva??

Elson 12:40
Ndamva.

Hazel 12:41
nde?

Hazel 17:15
ababa

LACHITATU

Elson 08:26
[chithunzi: ngalande yokumbidwa m'mbali mwa mizati, m'dothi mukuoneka waya wadzimbiri wolukanalukana]

Hazel 08:33
chani chimenecho

Lackson 08:35
Alamu mwakwirira kale waya? Ameneyo bwanji wachita dzimbiri tsiku limodzi?

Elson 08:41
Si wanga. Ndamupeza.

Lackson 08:42
Mwamupeza bwanji m'dimba la agogo?

Hazel 09:05
amalume foni ikuti ababa akulemba. kuyambira kalekale

Lackson 09:06
Kuno kwagwa chiperoni, abisala m'kachisakasa. Asiye, mwina lero atulutsa mawu atatu.

Elson 09:24
Nkhaniyi anandiuza Teleza tikuthirira. Ndinkayesa nthano. Agogo anu a Magdalena anawoloka Ruo ali mtsikana, m'zaka za m'ma 1920, pamodzi ndi amayi awo ndi achemwali awo awiri, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Tiyi anali asanadzaze mapiri onsewa. Kwina kunali fodya, kwina nkhalango. Katundu analibe. Pa nsonga ya nsalu Magdalena anamangapo njere za mpiru, ndizo zokha anabwera nazo. Mzungu wa esiteti anawalola kumanga kuseri kwa phiri, malipiro ake thangata. Choncho dimba ankalima dzuwa litapendeka, msana utathera kale m'munda wa eni.

Elson 09:47
Chaka choyamba nguluwe zinafukula zonse. Chachiwiri nungu. Magdalena sanalire. Ankatola timitengo topulumuka, n'kuumitsa njere, n'kufesanso. Anthu ankamuseka pa mtondo, amvekere uyu ndiye wophikira zinyama za m'thengo. Iye ankangoti njere zinawoloka Ruo sizingafere pakamwa pa nguluwe.

Hazel 09:49
ababa ndi inuyo mukulemba kapena mwabwereka munthu

Lackson 09:50
Khala chete iwe, ungawadzidzimutse.

Elson 10:18
Mwamuna wake Dixon anali mkamwini, munthu wosalankhula, ena ankamuyesa wopusa. Ku esiteti anamuika m'gulu lotchinga nazale ya tiyi ndi waya wobwera pa sitima. Podula wayayo pankatsala tizidutswa, tina ngati chikhatho, tina ngati lichero. Kapitawo ankati tikatayidwe kudzenje. Dixon anapempha. Kapitawo anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati tenga, ukasokere mkazi wako chilundu. Kuyambira pamenepo, poweruka, Dixon ankatsika phiri ndi kachidutswa m'khwapa. Pulayala analibe. Ankalumikiza ndi zala, diso ndi diso, mpaka zala zinauma ngati zidendene. Dzinja linapita, chilimwe chinapita, dzinja lina linabwera. Magdalena ankafesabe.

Elson 10:40
Atakwanitsa kuzungulira dimba, anakumba ngalande, napinda m'munsi mwa wayayo kulozetsa kunja, nakwirira, kuti nyama ikamakumba izigunda chitsulo. Chaka chimenecho mpiru unafika m'chiuno. Anadya mudzi wonse, ndi oseka aja omwe. Wa pamwamba anatha kalekale. Wa pansi ndi uyu. Ndakumba kuyambira pa mkuyu mpaka kumtsinje, ali monsemo. Chingwe changa chadutsa momwe chinadutsa chawo.

Elson 10:52
Abale a Magdalena anakwiya monga akwiyira a Doris. Anati mkamwini akulanda nthaka. Dixon anangowatsogolera kukawaonetsa pamene anasiya khomo.

Hazel 10:53
pati?

Hazel 10:55
analisiya pati khomolo ababa

Elson 11:03
Chiperoni chasiya. Ndikupita.

Hazel 11:03
ABABA

Lackson 11:30
[mawu, 1:05]
Hezo, tamvera. Chala changa chachikulu cha kuphazi chili ndi chipsera mpaka lero. Ndinachekedwa m'dimba momwemo ndili mwana, ndinanena kuti m'dothi muli waya, amayi anandikwapula kuti ndikunama, ndinapita kukaba nzimbe kwa eni. Lero ndayera! Ndipo zala za agogo aamuna ndikuzikumbuka, akakugwira pa khutu umangomva ngati wapanidwa ndi chitseko. Koma nkhani iyi sindinaimvepo. Ife tinkathawira ku mpira, Teleza ndiye ankatsala ndi agogo kudimba, kani yothirira ili m'manja. Ndiye anaisunga, n'kukaipatsa munthu amene sataya mawu. Mlongo wanga anali wochenjera.

Hazel 11:36
amalume kawauzeni mayi aang'ono plz

Lackson 12:58
Ndawauza. Akuti waya wakale alibe pakamwa, sangachitire umboni waya watsopano.

LACHINAYI

Hazel 06:50
ababa mwadzuka bwanji. waya musakoke nokha, msana wanu uja

Elson 07:12
Ndadzuka.

Lackson 10:22
[mawu, 0:49]
Hezo, usamve zabodza, ine sindikuthandiza ayi. Ndangogwira mpukutu kuti usagubudukire mumtsinje, ndi katundu wodula. Koma mwanangu, bambo ako! Akukoka waya ndi mtengo wa mphanda, akuugwira ndi bondo, msomali uli pakamwa. Akakhoma, akumenya wayayo ndi chikhatho, akumvetsera. Akalira mwaulesi akuzula msomali, akuyambanso. Ndati alamu, mbuzi sizimva nyimbo. Sanandiyang'ane n'komwe. M'munsimo apinda kulozetsa kunja ngati agogo, ndipo wakale uja sanamuchotse, agoneka watsopano pamwamba pake.

Hazel 10:30
tumizani pic amalume

Lackson 10:41
[chithunzi: munthu wachipewa atagwada, akupinda waya m'ngalande, kumbuyo mizere ya tiyi]

Hazel 10:42
chipewa chimenecho ndi cha amayi. chamadimba chija

Hazel 10:43
ndili pa ntchito ndikulira ngati chitsiru

Lackson 15:37
Alamu, ndabwerera kunyumba koma chinthu chimodzi chikundivuta. Mbali yoyang'ana kunyumba kwanu mwatseka yonse. Kanjira kanu ndi Teleza kaja kathera pa waya. Mwaiwala geti.

Elson 16:10
Sindinaiwale.

Lackson 16:11
Nanga muzilowa pouluka?

Hazel 18:02
ababa loweruka ndikubwera. ndapempha off. ndikalankhula ndekha ndi mayi aang'ono

Elson 18:30
Usakangane nawo. Ndi amayi ako.

LACHISANU

Elson 14:05
Ndamaliza.

Elson 14:06
[chithunzi: geti la matabwa ndi waya kumtunda kwa dimba, kutsogolo kwake kanjira kokwera kunyumba ya malata]

Hazel 14:09
eee labwino bwanji!! koma dikirani. nyumba imeneyo si ya mayi aang'ono a Doris?

Elson 14:20
Ndi yawo. Kale panali nyumba ya amayi ake a Magdalena.

Elson 14:27
Khomo la a Dixon linali pamenepa. Waya wakale wadukira apa, wayambiranso apo. Sanalilozetse kwawo. Analilozetsa kwa eni dimba.

Elson 14:29
Mkamwini amatchinga. Salanda.

Lackson 14:40
Alamu.

Lackson 14:41
Ine ndilibe mawu. Ndipo mukudziwa kuti zimenezo sizichitikachitika.

Elson 15:02
Loko palibe, ndi kokowera chabe. Bedi la kumunsi ndi la mbewu, musathyole. Likauma a Doris apunthe, asunge m'chigubu cha Teleza, chili pa alumali. Kuthirira m'mawa, dzuwa lisanakwere. Udzu usamere pa waya, umasunga chinyezi.

Hazel 15:04
bwanji mukulankhula ngati mukutsanzika

Hazel 15:20
ababa

Hazel 16:45
ababa ndikuimba simukuyankha

Lackson 17:30
Ali bwino Hezo, ndawaona akuchapa malaya. Doris wapita ku maliro kwa Mphuka m'mawa, getilo sanalione. Abwera madzulo ano.

LOWERUKA

Hazel 07:05
ndakwera minibus pa Limbe. amalume musayambe ndisanafike

Lackson 07:48
Hezo, bambo ako kulibe. Nyumba yatsekedwa. Kiyi Doris wamupeza pakhomo pake m'mawa, pamodzi ndi kani yothirira ndi chigubu cha njere.

Hazel 07:49
what?? apita kuti

Hazel 07:49
ababa muli kuti

Hazel 07:55
ababa chonde

Elson 08:30
Pa Khonjeni. Ndabweza pulayala ya a Swaibu. Ndikudikira kabaza wa kwa Mphuka.

Elson 08:33
Alamu, sindinafune kuti muvutike pondiuza. Mwandisunga bwino zaka zonsezi. Mwambo mukachite, ndidzabwera kudzalandira mawu.

Hazel 08:34
amalume chitanipo kanthu!!

Lackson 09:26
[mawu, 2:10]
Alamu, musakwere kaye, mverani. Mbumba sinakhale pabwalo. Doris anati tiyeni tikauone mpanda tikuti tizulewo. Tatsika tonse. Tisanafike tapeza mbuzi zanga ndi zake zandanda kunja kwa waya, zikulira ngati zaferedwa. Kumunsi uku nungu anabwera, wakumba maenje atatu, paliponse wagunda waya wopinda uja, wasiya minga iwiri n'kubwerera ndi njala yake. M'katimo ngakhale tsamba limodzi silinakhudzidwe. Ndiye Doris wazungulira, wazungulira, akufuna geti mbali ya kwanu kuti atiloze. Palibe. Wakalipeza lili pa kanjira ka pakhomo pake. Waima. Watsegula, walowa, wagwada pa bedi la mpiru lija, lomwe layamba kale maluwa. Ndiye... ee, dikira iwe, ndikulankhula. Chabwino, tenga, koma usadine pofiirapo.

Alamu! Ndine Doris. Ndinu munthu wotani inu? Mwandisiyira kani pakhomo, bondo langali ndi lotsika nalo kumtsinje? Mbuzi zanga mwazitsekera kunja, chabwino, zinali zakuba. Tsopano mukufuna mudzitsekerenso kunja nokha? Pakamwa munapatsidwira chiyani, osangonena Lolemba lomwe lija kuti geti likhala kwanga? Mwandisiya ndikulalata sabata yonse ngati wamisala. Mverani. Kusudzula tikusudzulani, mwambo ndi mwambo, mukhale mfulu. Koma kuchoka, ayi. Amene wakuuzani kuti mupite ndani? Mpiru wa akulu anga ukudziwa dzanja lanu. Bwerani mudzatenge kiyi wanu, akundilemera.

Hazel 09:33
ababa mwamva?

Hazel 09:41
ma tick a blue. amva amalume

Lackson 09:50
Alamu, mbumba yagwirizana. Mukhala. Ndipo Doris akuti dimba lokhala ndi eni awiri limafuna makomo awiri. Ndabwereka chodulira, ndikupita kukatsegula geti mbali ya kwanu, pa kanjira kanu ndi Teleza.

Hazel 10:04
ababa mwakwera kale?

Hazel 10:12
ndatsala pang'ono kufika pa Khonjeni. ndikupezani pa shop ya a Swaibu?

Lackson 10:19
Ndafika pa waya. Ndidule kuyambira mzati uti?

Elson 10:21
Musadule.

Elson 10:22
Simudziwa kupinda. Nungu apeza pofooka.

Lackson 10:23
Nanga muzilowa bwanji alamu? Kuchokera kwanu mpaka pa geti ndi kukwera mtunda wonse uja, kudutsa pakhomo pa Doris, m'mawa uliwonse, iye akukulalatirani.

Elson 10:31
Ndizizungulira.